Makirediti 74 papepala, 36 m'digiri: nkhani ya mayi wina ku Texas

Anafika mu ofesi mwanga mu Juni 2021 atanyamula envulopu ya khaki, m'kati muli mapepala atatu. Ndimagwira ntchito yolangiza ophunzira pa community college ina kumpoto kwa Texas, imodzi mwa makoleji a boma a zaka ziwiri kumene anthu ambiri kuno amayambira asanapite ku yunivesite, poti fizi yake ndi yotsika ndipo salowetsa mosankha. Mayiyu anali atangolandira kumene digiri yaing'ono yotchedwa Associate of Applied Science, mwachidule AAS, ya zowerengera ndalama, ndipo yunivesite ina ya boma inali itamupatsa malo oti ayambe mu Ogasiti.

Ataona dzina langa pachitseko anandifunsa ngati ndine wa kumudzi. Nditavomera, Chizungu chinathera pomwepo. "Achimwene, ndiye tandiwerengereni kalatayi, mwina ine ndi amene sindikumva. Akuti makirediti anga 33 sakuwadziwa. Nanga zaka zinayi zija ndimaphunzira kuti?"

Kwa amene sanazolowere kawerengedwe kakuno: kosi imene mumakumana maola atatu pa sabata kwa semesita yonse imabala makirediti 3. AAS imafuna 60, digiri ya zaka zinayi imafuna 120. Pepala loyamba la mayiyu linali transcript ya ku koleji yathu, yosonyeza makirediti 74. Lachiwiri linali kalata ya ku yunivesite: talandira 41, takana 33. Lachitatu, limene iye sanaliwerenge n'komwe chifukwa linali la timalemba ting'onoting'ono, linali degree audit, ndandanda imene kompyuta imatulutsa yosonyeza kosi iliyonse imene digiri ikufuna ndi kosi ya wophunzira imene yatseka mpata umenewo. Pa 41 olandiridwa aja, amene analowa m'mipata ya digiri ya Bachelor of Business Administration anali 30 okha. Otsalawo anawakundika pansi pa tsamba ngati katundu wosowa mwini.

Iye amalira 33, koma otayika anali 44, ndipo womuuza zimenezi ndinali ine.

Kumene zinachokera

Mayiyu ndi wa green card, chilolezo chokhazikika ku America, ali ndi ana awiri, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito ya usiku pa nyumba yosamalira okalamba. Analowa koleji mu Ogasiti 2017 akufuna unamwino. Mayeso olowera anamuika m'makosi awiri okonzekeretsa, a masamu ndi a kulemba, amene munthu amalipira koma sabala kirediti. Kenako anatenga BIOL 2401 ndi 2402, za kapangidwe ka thupi, ndi makosi awiri a psychology. M'ma BIOL onse awiri anapeza C. Kukhoza anakhoza, koma ku unamwino amasankha ndi magiredi ndipo C sakufikitsa patali. Mu 2018 anasintha maganizo. Kwathu anagwirapo ntchito ya ukalaliki wa ndalama, choncho anapita pa desiki nati akufuna accounting. Anamuika mu AAS ya accounting. Palibe amene ananama, palibe fomu imene inalakwika. Funso limodzi lokha silinafunsidwe, loti akamaliza apa akulowera kuti.

Iyenso sanaone chifukwa chonenera. M'mutu mwake munali njira imene timaidziwa kwathu, yoti wa dipuloma akafuna kukweza maphunziro amakalowa digiri chapakati, sayambiranso chaka choyamba. Ankati zaka ziwiri kuno, zaka ziwiri uko, basi yatha.

Ku Texas makoleji a zaka ziwiri amatenga makosi m'mabuku awiri osiyana, onse oyang'aniridwa ndi Texas Higher Education Coordinating Board. Lina, lotchedwa ACGM, lili ndi makosi amene amapangidwira kuti asamuke kupita ku yunivesite. Linalo, WECM, ndi la makosi a luso la ntchito, opangidwira kuti munthu akatuluka alembedwe ntchito msanga. Yunivesite siyikakamizidwa kulandira a m'buku lachiwirili. Tsoka lake n'lakuti pa ndandanda ya makalasi amakhala moyandikana ndipo mayina amafanana ngati mapasa. ACCT 2301, Principles of Financial Accounting, ndi ya buku loyamba. ACNT 1303, Introduction to Accounting I, ndi ya lachiwiri. Kusiyana kwa ACCT ndi ACNT ndi chilembo chimodzi. Munthu wotuluka ku shifiti ya usiku maso ali psuu angachione bwanji? Makosi 11 a mayiyu, makirediti 33 aja, anali a buku lachiwiri: za malipiro a antchito, za msonkho, za mapulogalamu a kompyuta osungira mabuku a ndalama ndi ena otero.

Mu 2017 ofesi ya boma la America yotchedwa Government Accountability Office inapeza kuti ophunzira amene anasamuka sukulu pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi 43 mwa makirediti 100 aliwonse. Chiwerengerochi ndinkachinena pamisonkhano ngati nkhani ya anthu ena.

Atatuluka tsiku limenelo ndinatsegula mbiri yake mu kompyuta kuti ndione amene anamulangiza. Ndinapeza mayina a alangizi anayi, ndipo lachitatu linali langa. Epulo 2020, pa lamya, masabata oyamba aja a Covid tikugwirira ntchito kunyumba, mzere wa oyimba usakutha. Ndinalemba mizere iwiri: wophunzira akuyenda bwino, ndamulembetsa motsatira pulani. Pa nthawiyo anali atatenga makosi asanu okha a WECM. Asanu ndi limodzi, makirediti 18, anali asanawakhudze. Ndikanafunsa funso lija tikanakambirana zina. Sindinakumbuke n'komwe kuti tinalankhulapo, ndipo iye sanazindikire kuti mawu aja anali anga. Atabweranso ndinamuuza. Anangoti, "Zinachitika, achimwene, tiyeni tione zakutsogolo," koma kuyambira tsikulo chilichonse chimene ndinanena ankachilemba m'kope ndi deti lake. Sindinamuone kulakwa.

Zimene tinapulumutsa ndi zimene zinakanika

Ndinayamba ndi 11 olandiridwa koma osagwiritsidwa ntchito aja, chifukwa pamenepo lamulo linali kumbali yathu. Masukulu onse a boma ku Texas ali ndi gawo la maphunziro a aliyense lotchedwa core, la makirediti 42, logawidwa m'zigawo zokhala ndi manambala: 010 kulemba ndi kulankhula, 020 masamu, 030 sayansi, mpaka 090. Munthu akamaliza core yonse pa sukulu imodzi, inayo imayenera kuilandira yathunthu osawonjezera. Akasamuka asanamalize, kosi iliyonse imene anakhoza mu core ya kumene akuchokera iyenera kuwerengedwa mu core ya kumene akupita. Pa transcript yathu, pafupi ndi ma BIOL aja panali 030. Koma yunivesiteyo siyiika makosi a kapangidwe ka thupi mu core yake, ndiye kompyuta itayang'ana pamndandanda wake n'kuwasowa, inawaponya pansi n'kulemba kuti mayiyu akufunika makosi awiri atsopano a sayansi.

Ndinalembera imelo woyesa makirediti wa kumeneko, n'kuikamo chithunzi cha transcript nditazunguliza 030 ndi cholembera chofiira. Patatha masabata awiri anakonza, makirediti 6 analowa. Awiri a labu anatsala panja chifukwa chigawo cha sayansi chimangofuna 6. Tinafika pa 36.

Anzanga pantchitoyi, ichi musachiyese chaching'ono. Degree audit imaoneka ngati chigamulo cha khoti, koma ndi makina ofananitsa mayina. Ilipo njira yodandaulira imene boma linakhazikitsa: yunivesite ikakana kosi iyenera kudziwitsa wophunzira ndi koleji yake polemba, ndipo mkangano ukapanda kutha m'masiku 45 umapita kwa Commissioner wa maphunziro apamwamba. Ife sitinafike kumeneko, ndipo pa zaka zanga zonse sindinafikeko. Kawirikawiri chimene chimasowa ndi munthu woti aike mapepala awiri pambalipambali n'kuwerenga.

Njira yodandaulira ija sikanatithandiza pa ma ACNT, poti imateteza makosi a buku loyamba. Komabe ndinayesa imodzi. ACNT 2303, Intermediate Accounting I, mayiyu anapezamo A, ndipo titaika silabasi yake pafupi ndi ya kosi ya dzina lomwelo ku yunivesite, mitu yambiri inkafanana. Tinatumiza pempho kwa mkulu wa dipatimenti pamodzi ndi silabasi ndi mayeso akale amene mayiyu anasunga m'katoni. Yankho linali lalifupi: yathu ndi ya chaka chachitatu, yanu ndi ya chaka chachiwiri, ndipo imeneyi ndi kosi imene timayesera ngati munthu angapirire zotsatira zake. Zinandinyansa tsiku limenelo. Lero ndimamvetsa pang'ono, ngakhale ndimaonabe kuti akanamupatsa mayeso n'kuona yekha. Kulakwa kwanga pamenepa n'kwakuti ndinanena kuti mwayi ndi wochepa koma nkhope yanga inkanena zina, ndipo mayiyu anakhala masabata atatu akuyembekezera chinthu chimene sichikanabwera.

Njira zitatu patebulo

Ulendo wachitatu anabwera ndi amuna awo, bambo wofatsa woyendetsa galimoto yonyamula katundu. Sanazungulire. "Abambo, tiuzeni zoona. Ndalama ndi zaka zonsezi zalowa m'madzi?" Ndinatenga pepala n'kujambula mizere itatu.

Njira yoyamba inali kulowa yunivesite mu Ogasiti momwemo ndi 36, n'kukatenga 84 otsalawo kumeneko. Mtima wa mayiyu unali pamenepa, chifukwa abale kumudzi anali atauzidwa kale kuti wapita ku yunivesite.

Yachiwiri inali digiri ina yotchedwa Bachelor of Applied Arts and Sciences, BAAS, imene mayunivesite angapo ku Texas anaipangira anthu a AAS enieniwo. Imalandira makosi a luso aja ngati mtolo umodzi. Akanamaliza msanga ndithu, ndipo bamboyo anaikonda nthawi yomweyo. Ine sindiinyoza. Kwa munthu amene ali kale pantchito ndipo abwana angomuuza kuti bweretsa digiri tikukweze, ndi njira yabwino. Koma pa yunivesite imeneyi BAAS sinali pansi pa sukulu ya bizinesi, ndipo makosi apamwamba a accounting ankalowamo okhawo olembetsedwa ku sukuluyo. Ndiye ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa mu 2020: mukufuna kudzakhala ndani? Anayang'ana amuna awo kaye, kenako ine. "Ndatopa kutembenuza anthu pabedi usiku. Ndikufuna CPA, ndizisaina mabuku ndekha." Chiphaso cha CPA, cha akatswiri ovomerezeka owerengera ndalama, chimafuna makosi ambiri apamwamba a accounting, omwewo amene BAAS ikanamutsekera. Bamboyo anakanda m'mutu, sanatsutse.

Yachitatu ndi imene ndinailimbikitsa, ngakhale inali yowawa: abwerere ku koleji yathu chaka china chathunthu, munthu woti wavala kale gauni.

Chimene chinagamula ndi ndalama. Fizi yake yonse inkachokera ku Pell Grant, thandizo la boma la America kwa ophunzira osowa, limene sabweza. Pell ili ndi malire a moyo wonse: masemesita 12 a nthawi yonse, amene amawerengedwa ngati 600 peresenti. Titayang'ana, iye anali atadya pafupifupi 350. Pell simafunsa ngati kosi idzasamuka. Ma ACNT anadya, makosi okonzekeretsa anadya, ngakhale makosi awiri amene anawasiya panjira mwana atadwala anadya. Anatsala ndi masemesita asanu. Munthu wa ana awiri ndi ntchito sangapitirire makirediti 12 pa semesita, ndiye asanu kuchulukitsa ndi 12 ndi 60, pamene ofunika ndi 84. Kaya atani, makirediti oposa 20 anayenera kulipidwa kuchokera m'thumba. Funso linali loti alipire ati: a ku koleji yathu, kumene kirediti imodzi siifika theka la mtengo wa ku yunivesite, kapena a chaka chomaliza ku yunivesite, thandizo litatha, mwina ndi ngongole?

Panalinso china. Lamulo la thandizo la boma limati wophunzira asapitirire 150 peresenti ya utali wa pulogalamu yake, ndiye kuti 90 pa pulogalamu ya 60. Kuphatikiza zonse zimene anayesapo, mayiyu anali pa 86. Akanatha kupempha kuti amuganizire, koma tinagwirizana kuti asapemphe. Pell ikhale, idikire yunivesite.

Tinalemba makosi asanu ndi anayi, makirediti 27: ENGL 1302, kosi imodzi ya zaluso, HIST 1301 ndi 1302 za mbiri ya America, GOVT 2305 ndi 2306 za kayendetsedwe ka boma, maphunziro amene Texas imafuna kwa aliyense wotenga digiri ya zaka zinayi pa sukulu ya boma, kenako ECON 2302, BUSI 2305 ndi MATH 1324. Masamuwa anamupweteka mtima, chifukwa anali atakhoza kale MATH 1332. Imeneyo imatseka chigawo cha 020, koma sukulu ya bizinesi imafuna 1324. Msamphawu wagwira ambiri, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha kosi yosamuka bwinobwino koma yosakufikitsa kumene ukupita.

Ndisanamulembetse ndinayesa malire awiri. Yunivesite ya boma siyikakamizidwa kulandira makirediti oposa 66 a zaka ziwiri zoyamba, ndipo athu ogwiritsidwa ntchito akanakwana 63. Lachiwiri ndi lamulo loti amene wayesa makirediti 30 kupitirira amene digiri yake ikufuna atha kulipitsidwa fizi yokwera, mpaka kufika pa ya anthu ochokera kunja kwa Texas. Mwamwayi makosi a luso ndi okonzekeretsa sawerengedwa pamenepo, ndiye iye akanathera pa 131, pansi pa 150. Kenako ndinatumiza mndandanda wonsewo kwa mlangizi wa sukulu ya bizinesi ya kumeneko kuti avomere polemba, kosi ndi kosi, n'kutchula chaka cha catalog, buku la makosi ndi malamulo a yunivesite, imene akugwiritsa ntchito. Mawu a pa lamya sindiwakhulupiriranso, angakhale anga omwe.

Chaka chija ndi zotsatira zake

Apa pali chimene sindinachiyembekezere. Ma ACNT okanidwa aja ndi amene analipira chaka chimenechi. Mu Janyuwale 2022, nyengo ya misonkho itayamba, kampani ina yaing'ono inamulemba ntchito yokonza malipiro ndi mafomu a msonkho, chifukwa cha AAS yomweyo. Anasiya shifiti ya usiku. Choncho ndikamamva anzanga ena akunena kuti AAS ndi msampha basi, ndimatsutsa. Inachita zimene anaipangira. Vuto n'lakuti tinamugulitsa khasu munthu amene amafuna nkhwangwa, osamufunsa kuti akukadula chiyani.

Anatenga makosi anayi, kenako atatu, kenako awiri m'chilimwe, n'kukhoza onse. Ndiye pa mapeto penipeni tinapunthwanso. Pofuna kufulumira, mayiyu anaitanitsa transcript kumayambiriro kwa Ogasiti 2022 magiredi a chilimwe asanalowe. Inapita yopanda MATH 1324 ndiponso yopanda chidindo choti core yatha. Kompyuta ya ku yunivesite inamuika m'gulu la amene sanakwanitse zolowera sukulu ya bizinesi, n'kumutsekera Intermediate Accounting I. Anandiyimbira ali pamalo oimika magalimoto a yunivesite, mawu akunjenjemera: "Achimwene, zayambiranso." Transcript yachiwiri inafika patatha masiku asanu ndi atatu, kalasi ya madzulo itadzaza. Anatsala pamndandanda wa odikira mpaka tsiku lachitatu la semesita, pamene wina anasiya malo. Zikanakanika, makosi onse otsatira akanasunthika ndi semesita yathunthu, ndipo masamu athu a Pell akanasokonekera. Pa fomu yoitanitsira transcript pali kabokosi koti adikire magiredi alowe kaye. Ndinamufotokozera malamulo a boma tsamba ndi tsamba, koma za kabokosiko ndinaiwala.

Kuyambira 2019, lamulo la SB 25 limafuna kuti mayunivesite a boma ku Texas azisonyeza ndondomeko ya makosi a digiri iliyonse ndi kupereka lipoti la makosi amene sanawawerengere osamuka. Zathandiza, ndondomekozo ndimazitsegula tsiku lililonse. Koma zimathandiza mlangizi amene akudziwa kale kumene wophunzira akupita. Mu ofesi mwathu tinagwirizana kuti aliyense wolowa AAS afunsidwe ngati akuganizako za digiri ya zaka zinayi, ngakhale patsogolo pakutali, ndipo yankho lake lilembedwe m'mawu ake. Akati inde kapena mwina, timamusonyeza degree audit ya yunivesite imene akuiganizira asanalipire kosi yoyamba ya WECM. Ena akaona amasankhabe AAS poti akufuna ntchito chaka chamawa, ndipo ndi ufulu wawo. Sindinganene kuti aliyense amafunsidwa. Sabata yomaliza yolembetsa, anthu atadzaza mpaka m'khonde, ndadzigwirapo ndekha nditatsala pang'ono kudumpha funsolo.

Mayiyu anatenga makirediti 12 pa masemesita anayi otsatizana ndi 9 pa yomaliza. Intermediate Accounting I ija anapezamo A, ndipo ananditumizira chithunzi cha giredi popanda mawu ena alionse. Anamaliza mu Disembala 2024 wopanda ngongole ya sukulu, Pell itatsala pang'ono chabe. Kuchokera Ogasiti 2017 zinamutengera zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi inayi, ndipo anakhoza makirediti 158 kuti alandire digiri ya 120. Pano akuwerengera mayeso a CPA madzulo akaweruka. Kope lija la madeti akadali nalo, ndipo mwezi watha analibwereketsa kwa mnzake wa ku nyumba ya okalamba ija, amene anabwera nalo kwa ine atatsegula kale tsamba lolembedwa ACCT ndi ACNT, chilembo chosiyanacho chitazungulizidwa kawiri.